Galimoto Yotsimphina

Sajeni, wapolisi wamkazi, anapeza makaniko wa apolisi ali chagada pansi pa galimoto ya ngozi ija, miyendo yokha ili panja. Inali galimoto yaitali miyendo, ya mtundu uja munthu amachita kugwira chitseko kuti akwere, koma tsopano denga lake linali litaphwanyika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe.

Ngoziyo inachitika dzana masana, pokhota pa msewu wotsikira kumsika. Amene ankayendetsa, mayi wosoka zovala, anali m'chipatala atathyoka mwendo ndi nthiti. Mwamuna wake, mwini galimotoyo, anafika ku polisi tsiku lomwelo. Anati okoka galimoto amuonetsa sipuling'i yochita kudulidwa, ndipo analoza chala mng'ono wake wa bere limodzi, woyendetsa takisi amene anthu amamutcha Pansipansi chifukwa galimoto yake imakwawa ndi mimba ngati buluzi. Anawonjezera kuti Pansipansiyo anali atakangana ndi mlamu wake masiku apitawo. Sajeni sanafunsenso zambiri. Anapita pasiteji ya matakisi n'kumumanga unyolo anzake onse akuona.

"Sajeni, tagwadani muone," anatero makaniko ali pansi pomwepo. "Yunifolomu imachapika."

Sajeni anagwada n'kusuzumira.

"Mabuleki ali bwinobwino, chiwongolero chilibe vuto. Nkhani ndi iyi." Makaniko anagogoda ndi sipanala chitsulo chopiringizika chimene chinali kuseri kwa tayala. "Masipuling'i amenewa ndi amene amanyamula galimoto. Mukadulako mphete imodzi kapena ziwiri, galimoto imatsika. Koma sipuling'i yofupika sikhazikikanso pamalo pake. Tayala likangodumpha hampu, iyo imafwamphuka. Yakutsogoloyi inafwamphuka n'kung'amba tayala mayi uja ali pokhota."

"Ndiye n'zoona kuti anachita kudula."

"Kudula anaduladi. Koma tazungulirani mbali inayo."

Sajeni anazungulira, n'kugwadanso. Masipuling'i a mbali imeneyo anali athunthu, matope ali mbuu.

"Mbali ya dalaivala sanaikhudze," anatero makaniko. "Anadula awiri okha, kutsogolo ndi kumbuyo, mbali imene amakhala wokwera. Anyamata okonda kutsitsa galimoto amatsitsa konsekonse mofanana, kuti atsikana azicheuka. Uyu anangoisandutsa yotsimphina."

"Mwina ankafuna kuti igubuduzike."

"Wofuna kupha amadula paipi ya mabuleki n'kusamba m'manja. Savutika ndi jeke." Makaniko anaunika ndi tochi. "Ndiye taonaninso ichi. Anayamba wapukuta matope, n'kulemba kamzere. Apa analemba, kenako anasintha maganizo n'kudula cha m'munsi. Ine ntchito ino ndamera nayo imvi, koma sindinaonepo makaniko akulemba chitsulo ndi pensulo."

Kamzereko kankanyezimira pa chitsulo chakudacho, kowongoka bwino. Sajeni anakayang'ana nthawi yaitali. Anakumbukira kuti tsiku lomanga munthu lija sanasuzumire n'komwe pansi pa galimotoyi.

*

Pansipansi anali atakhala pansi m'chitokosi, msana kukhoma, zingwe za nsapato atamulanda. Anali mwamuna wa ndevu zometedwa mosamala, koma tsopano zinali zitayamba kumera paliponse.

"Munakangana chiyani ndi alamu anu?" anafunsa Sajeni. Dzana ankamutchula kuti iwe. Lero pakamwa panakana.

"Wailesi, bwana. Ndinaimika takisi pageti nyimbo zili pamwamba, amayi akugona. Alamu anandikalipira, ine ndinayankha zachibwana. Basi."

"Za wailesi zokhazo?"

"Lembani zimene mukufuna. Inu munaweruza kale pasiteji paja."

"Masipuling'i anadulidwa mbali imodzi yokha. Inu mungatsitse galimoto mbali imodzi?"

Mutu wa Pansipansi unadzuka msanga. "Ine? Ine sindidula n'komwe! Anga ndinachita kugula afupiafupi, opangidwira zimenezo. Kudula ndi ntchito ya munthu wosa..." Anayang'ana zala zake zakumapazi.

"Munthu wosatani?"

"Palibe."

"Mukumudziwa amene anadula."

"Ndati palibe."

"Mlanduwu ndi wofuna kupha munthu. Si wa wailesi. Mukapita kukhoti muli duu chonchi, ndende ikudikirani."

Pansipansi anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. Atayankha, mawu ake anali otsika kwambiri moti Sajeni anachita kuwerama.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, bwana."

*

Kuchipatala, mayi wosoka zovala anali chigonere, mwendo uli m'chikhakha. Mwamuna wake anakhala pampando pambali pake, tayi ili pakhosi ngakhale sanapite kuntchito. Anali munthu wa muofesi, wolankhula ngati akutsogolera msonkhano.

"Sajeni, sindikumvetsa chimene mukufufuzabe," anatero. "Munthu amene amaseweretsa masipuling'i pabanja pathu ndi mmodzi. Ndi mng'ono wanga, inde, koma chilungamo sichiona nkhope."

Sajeni anatembenukira kwa wodwalayo. "Amayi, galimotoyo inkayenda bwanji tsiku limenelo?"

"Ngati yaledzera," anayankha mayiyo akupuma movutikira. "Inkakokera mbali imodzi. Ndinawauza awa m'mawa kuti galimoto yapendekera. Anati ndi mpweya wa matayala, ndikapopetse pobwera."

Mwamunayo anakonza tayi yake.

"Munayamba liti kuona kupendekerako?"

"Titangobwera kuulendo. Tinapita kukaona makolo anga, pabasi, chifukwa msewu wakwathu ndi woipa. Galimoto inatsala pakhomo sabata yonse."

"Makiyi anali ndi ndani?"

"Ndi bambo anga," anayankha mwamunayo msanga. "Timakhala nawo. Amayi anadwala matenda ofa ziwalo chaka chatha, ndiye bambo amawaperekeza kuchipatala kukawongola mwendo. Koma musataye nthawi ndi nkhalamba. Makiyi amakhala pamsomali, aliyense angatenge. Mng'ono wanga amalowa m'nyumba muja ngati mwake."

"Bambo anu ankagwira ntchito yanji?"

"Ukalipentala. Anapuma kalekale. Zikukhudzana bwanji?"

Sajeni anayang'ana pawindo. Wodwala uja anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa yunifolomu.

"Alamu anga ndi wopepera, ndi waphokoso, koma si mfiti," anatero. "Ndawauza awa, sakundimva. Tsiku lija titakangana, madzulo ake anandibweretsera ulusi umene ndinkausowa. Wofuna kukupha amakugulira ulusi?"

*

Chitsulo cha sipuling'i sichidulika ndi sowo yamanja, makaniko anali atanena zimenezo. Pankafunika makina. Ndipo moyang'anizana ndi geti la banjalo panali shedi ya wowotcherera zitsulo, mwamuna wamfupi wa magalasi akuda pachipumi, amene pakamwa pake sipankatsekeka.

"Apolisi pakhomo panga! Ndalakwanji, mayi? Ngati ndi geti la abusa lija, linapindika lokha, ine ndinawauza kuti mbuzi zawo zimakanda msana pamenepo."

"Makina anu odulira zitsulo mumabwereketsa?"

"Ine? Mkazi ndi makina sabwereketsa, mayi." Anaseka yekha, koma ataona kuti Sajeni sakuseka anatsokomola. "Kupatula akalipentala a patsidyapa. Amene aja ndi bambo wa tonse. Benchi ndakhalirayi anandikhomera ulere."

"Anabwereka liti?"

"Sabata ija ana awo anachokapo. Anati akufuna kufupikitsa miyendo ya bedi lachitsulo la amayi. Ndinati ndibwere ndikuthandizeni, anakana, anati ndi zakuchipinda. Anatseka geti. Ndiye m'mawa wonse ndinkangomva makina akulira, mbaliwali zikuoneka pansi pa geti. Ndinadabwa kuti bedi lake ndi la njanji kapena chiyani, chifukwa anandibwezera mpeni wa makinawo utatha ngati ndalama yachitsulo. Dzanja atamanga kansalu."

"Pansi pa geti? Bedi analitulutsa panja?"

Wowotchererayo anayang'ana ku geti kuja. Anavula magalasi aja pachipumi pang'onopang'ono. Kwa nthawi yoyamba anasowa nthabwala.

"Mayi," anatero, "paja pamene pankatuluka mbaliwali ndi pamene amaimika galimoto."

*

Pakhonde pa nyumba ya banjalo panali mayi wokalamba atakhala pampando wa ndalema, bulangeti lili pamiyendo ngakhale kunali dzuwa. Mbali imodzi ya nkhope yawo inali yogwa pang'ono, koma maso anali amoyo.

"Mwabwera za ngozi ya mpongozi wanga? Khalani, mwanangu, khalani. Akupeza bwanji?"

"Akupezako bwino, amayi."

"Mulungu ndi wamkulu. Mwana wanga wamng'ono akabwera ndimutuma akamuone. Anapita kutali ndi takisi yake, anthu ena anamuchita hayala. Bambo ake ndi amene anandiuza. Safuna n'komwe kundiimbira, mwana ameneyu."

Sajeni anakhala pa sitepe, chipewa chili m'manja. Sanathe kuwayang'ana m'maso.

"Galimoto imene ija inkandizunza," anapitiriza mayiwo. "Kutalika ngati ngamila. Mwendo wangawu sunkakwezeka. Bambo a ana ankachita kundikankha kumbuyo ngati thumba la makala, anthu akudutsa mumsewu akuona, nsalu ikuvuka. Tsiku lina ndinagwa chagada, ndinalira ngati khanda. Ndinati basi, kuchipatala sindipitanso, ndifere pompano."

"Ana anu ankadziwa zimenezi?"

"Ana ali ndi ntchito zawo, amachoka m'mamawa. Koma tamverani. Sabata yatha bambo anandinyengerera kuti tiyesenso. Ndinangokweza mwendo kamodzi, ndili m'kati! Ndekha! Ndinafunsa kuti kodi chachitika n'chiyani, iwo anati, 'Mwendo wanu ukuchira, mayi.'" Anaseka, misozi ili m'maso, n'kusisita bondo lawo. "Ukuchiradi. Ndikumva ndekha."

Kuseri kwa nyumba kunkamveka phokoso la munthu akupala thabwa.

*

Shedi ya kuseri kwa nyumbako inali yaing'ono, yonunkhira utuchi. Akalipentala anali atawerama pa benchi, akusalaza ndodo yaitali ya thabwa. Inzake inali itatha kale, itatsamira khoma, pamwamba atakulungapo nsalu yofewa. Zinali ndodo zoyendera munthu wothyoka mwendo. Dzanja lawo lamanzere linali lomanga, ndipo kuseri kwa khutu kunali pensulo yophwatalala.

Ataona yunifolomu pakhomo sanadzidzimuke. Anaika chopalira chawo pansi mosamala, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Ndimadziwa kuti mubwera," anatero. "Ndimangopempha kuti musalankhulire pakhonde."

"Amayi sindinawauze kanthu, bambo."

"Zikomo." Anakhala pa bokosi la zida. "Ine ndi munthu wa matabwa, mwanangu. Mpando ukatalika timadula miyendo. Tebulo likatalika timadula miyendo. Ndinagona pansi pa galimoto ija, ndinaona zitsulo zopota zija, ndinati miyendo yake ndi imeneyi. Ndinayeza bwinobwino. Poyamba ndinafuna kudula zambiri, ndinaopa, ndinachepetsa. Mbali ya dalaivala ndinaisiya, chifukwa kumeneko kulibe wodwala. Ndinayenda nayo pang'onopang'ono mpaka kuchipatala n'kubwerako, osamva kanthu. Ndinadziona ngati wanzeru."

"Bwanji simunafunse mwana wanu wamng'ono? Zimenezi amazidziwa."

Akalipentala anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ameneyo ndakhala ndikumunyoza chigulire takisi yake. Pamaso pa alendo ndinkamutcha wowononga zinthu. Ndinkati munthu wanzeru sangatsitse galimoto imene azungu anaipanga bwinobwino. Ndiye ndipite kwa iyeyo, ndikati mwananga ndiphunzitse? Wamkuluyo ndiye sakanalola n'komwe. Galimoto ija amaipukuta ndi mpango wa m'thumba. Ndinaona kuti kufunsa n'kudzitsitsa. Safunsa anadya phula, koma phula langa wadya ndi mpongozi wanga."

Sajeni anadikira. Funso lenileni linali lisanafunsidwe, ndipo onse awiri ankalidziwa.

"Mwana wanu wagona m'chitokosi kuyambira dzana, bambo."

Nkhalambayo inagwira kumaso. Mapewa anayamba kugwedezeka, koma mawu sanatuluke, chifukwa khonde linali pafupi.

"Jekete ndavala kangapo," ananong'ona. "Ndimafika pageti, miyendo imafa. Ndimaganiza za wamkuluyo akundiyang'ana. Ndimaganiza za mayi akumva kuti mwendo wawo sukuchira, kuti ndinawanamiza. Ndimabwerera muno n'kuyamba kupala matabwa. Ndimadziuza kuti apolisi aona okha kuti mwanayo ndi wosalakwa, amutulutsa. Bambo wanji ine, wobisala kumbuyo kwa mwana wake?"

Sajeni akanatha kuwakalipira. Mawu ake anali okonzeka, omwe aja amauza anthu obisa umboni. Koma anakumbukira kulira kwa unyolo pasiteji paja, ndi mmene madalaivala anapatukira kumupatsa njira, iye akuyenda monyada ngati wagwira chigawenga.

"Apolisi sanaone okha, bambo," anatero. "Ine ndinamumanga chifukwa cha galimoto imene amayendetsa ndi ndevu zake. Mukanadikira ine, akanapita kundende. Valani jekete lija. Pageti tidutsa limodzi."

Podutsa pakhonde, mayi aja anafunsa kumene akupita.

"Kukatenga mwana, mayi," anayankha akalipentala, osatembenuka. "Takisi yake yamuvuta panjira."

*

Mwini galimoto anafika ku polisi ataitanidwa pafoni, ndipo anamva nkhani yonse ataimirira pakauntala. Bambo ake analankhula okha, osasiya kanthu, maso ali pa simenti. Atamaliza, mwana wamkuluyo anamasula tayi yake n'kuipinda m'manja.

"Amayi anagwa pokwera galimoto yanga?" anafunsa. "Liti? Bwanji sindinadziwe?"



Sajeni anatenga makiyi n'kutsegula chitokosi yekha, osatuma wapolisi wapakhomo. Pansipansi anatuluka akuphethira chifukwa cha kuwala. Ataona bambo ake atavala jekete la kutchalitchi, anaima chilili.

"Bambo, mwabweranji? Ndikanatuluka ndekha. Analibe umboni."

"Unkadziwa," anatero akalipentala.

"Ndinaona galimoto itapendekera tsiku lomwe achimwene anabwera. Ndinasuzumira, ndinaona kamzere ka pensulo yanu." Pansipansi anayang'ana mkulu wake, kenako pansi. "Ndinaitanitsa masipuling'i ena kuti ndidzabwezeretse mwakachetechete, inu musachite manyazi. Ndinkati afika Loweruka. Ndikanangobisa makiyi, alamu sakanakwera. Ndinatseka pakamwa, ndiye ndinaona kuti m'chitokosi muno ndi malo anga ndithu."

Pamenepo nkhalamba ija inachita chinthu chimene Sajeni anali asanachionepo pa ntchito yake yonse. Inagwira m'mphepete mwa kauntala, n'kutsika pang'onopang'ono, mawondo akulira, mpaka inagwada pa simenti pamaso pa mwana wake wamng'ono.

"Bambo, ayi!" Pansipansi anawagwira m'khwapa. "Dzukani, anthu akuona. Achimwene, tandithandizani!"

Wamkuluyo anataya tayi ija n'kuthamangira mbali inayo. Anawadzutsa onse awiri, wina uku wina uku, ndipo kwa kanthawi atatuwo anangogwirana, palibe woyang'ana mnzake kumaso. Wapolisi wapakauntala anayamba kufunafuna chinthu m'dilowa chimene sichinasowe.

Sajeni anabweretsa zingwe za nsapato ndi lamba wa thalauza, n'kuzipereka kwa Pansipansi ndi manja awiri.

"Ndinakulakwirani, achimwene," anatero. "Mawa ndibwera pasiteji ndidzanene zimenezi anzanu akumva."

Pansipansi anangogwedeza mutu, akulowetsa lamba.

"Mlandu wanga ukhala bwanji?" anafunsa akalipentala.

"Akuluakulu anga aona. Simunafune kupha munthu, zimenezo ndilemba. Lero mugona kwanu."

"Mpongozi wanga akudziwa?"

"Sanamve."

"Ndikamuuza ndine, bambo," anatero wamkuluyo. "Inu pitani mukapume."

Nkhalambayo inapukusa mutu. Inasasa fumbi m'mawondo, n'kumanga mabatani a jekete limodzilimodzi, ndi dzanja lomanga lija.

"Mwendo ndathyola ndine," inatero. "Akamve pakamwa panga. Akafuna kundilavulira, malovuwo agwere pa ine."

Anatuluka atatuwo kulowera kuchipatala wapansi, bambo ali patsogolo. Sajeni anaima pakhomo mpaka anakhota, kenako anabwerera m'kati kukang'amba chikalata cha mlandu wofuna kupha munthu.